Kalembedwe ka nkhani za ufulu woulutsa mpira ndi chiwerengero cha oonera pa TV: malangizo kwa mtolankhani wamasewera

Mu Disembala 2023 akuluakulu a Premier League ya ku England adalengeza kuti agulitsa ufulu woonetsa masewera awo m'dziko la Britain pa mtengo wa mapaundi 6.7 biliyoni. Nyuzipepala zambiri zidathamangira mutu umodzi, woti ndalama zochuluka chonchi sizidaonekepo m'mbiri ya ligiyi. Sadaname ayi. Koma amene adakhala pansi ndi cholembera n'kugawa ndalamazo ndi zaka za mgwirizano adapeza kuti pa chaka zinali zochepera zimene ligi yomweyi idagwirizana ndi mawailesi mu 2015. Nkhani yokoma idali pamenepo, ndipo ambiri adaidumpha.

Malangizowa ndalembera inu amene mwangoyamba kumene kulemba zamasewera, kaya ku nyuzipepala, pa wailesi kapena pa tsamba lanu la Facebook. Zitsanzo zambiri ndatenga ku England chifukwa ndiko kuli ligi imene imadzaza mavidiyo sho athu Loweruka lililonse, komanso chifukwa manambala ake amalengezedwa poyera moti aliyense angathe kuwayesa.

1. Yambani mwadziwa chimene chagulitsidwa

Mawu akuti "agula ufulu" paokha sanena kanthu. Ligi imadula ufuluwu m'zidutswa ngati nyama ya pabutchala, chilichonse ndi mtengo wake. Pali ufulu woonetsa masewera pamene akuchitika, pali woonetsa zigoli ndi mbali zokoma masewera atatha, pali wa pa wailesi yomvera, pali wa tizidutswa ta pa intaneti. Ndiye zonsezi amazigawanso potengera dziko, chilankhulo, komanso ngati wailesiyo ndi yolipira kapena yaulere.

Mu mgwirizano wa 2023 uja, umene udayamba kugwira ntchito mu 2025/26, Sky Sports idatenga masewera osachepera 215 pa chaka, TNT Sports idatenga 52, pamene BBC idasunga ufulu woonetsa zigoli mu pulogalamu yake ya Match of the Day. Amazon, imene inkaonetsa masewera 20 pa chaka kuyambira 2019, idatulukamo. Mukalemba kuti "BBC yagula Premier League" wowerenga aganiza kuti aziona masewera onse kwaulere, chomwe si zoona.

Zadziko zija musaziiwale. Mgwirizano umenewu ndi wa ku Britain kokha. Kuno kumwera kwa Sahara masewerawa timaonera pa SuperSport, kudzera mu mgwirizano wina wapadera. Ndipo pali chodabwitsa: ku England saloledwa kuonetsa mpira pa TV Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, pofuna kuti anthu azipitabe kumabwalo, makamaka a matimu ang'onoang'ono. Ndiye kuti mnyamata amene wakhala pa benchi mu vidiyo sho ku Ndirande amaona masewera a Loweruka masana amene munthu wokhala ku Manchester sangawaone pa TV yake mwalamulo. Uzani owerenga anu zinthu ngati zimenezi, amazikonda.

2. Gawani nambala yaikulu ija

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho tisafulumirepo. Mukalandira chikalata cholengeza mgwirizano, lembani papepala zinthu zitatu: ndalama zonse, zaka zake, ndi masewera angati pa chaka. Kenako fufuzani zitatu zomwezi za mgwirizano wakale.

Mu 2015 Sky ndi BT Sport, imene pano ndi TNT Sports, adalonjeza mapaundi 5.136 biliyoni pa zaka 3, kuchokera 2016 mpaka 2019, masewera 168 pa chaka. Gawani 5.136 ndi 3, mupeza 1.712 biliyoni pa chaka. Tsopano tengani 6.7 biliyoni ya 2023. Mgwirizano uwu ndi wa zaka 4, osati 3. Mukagawa mupeza 1.675 biliyoni pa chaka. Nambala ya pamutu yakula chifukwa awonjezera chaka chimodzi, koma ya pa chaka yatsika pang'ono, ndipo tisaiwale kuti mu 6.7 muja muli ndi ndalama za BBC, pamene 5.136 ija inali ya masewera oonetsedwa pomwe akuchitika okha.

Musalekere pomwepo. Masewera 168 pa zaka 3 ndi 504, kutanthauza kuti mu mgwirizano wa 2015 gemu imodzi inkagulidwa pafupifupi mapaundi 10.2 miliyoni. Mu watsopanowu, 215 kuphatikiza 52 ndi 267 pa chaka, pa zaka 4 ndi 1,068. Mukagawa mupeza mapaundi 6 miliyoni ndi pang'ono pa gemu. Wogulitsa chimanga akakuuzani kuti chaka chino wapeza ndalama zofanana ndi chaka chatha, koma wagulitsa matumba ochuluka kuposa kale, mumadziwa nokha kuti mtengo wa thumba watsika.

Eni ligi adanena kuti mtengo wa masewera oonetsedwa pomwe akuchitika wakwera ndi 4 peresenti. Naponso sadaname, chifukwa ankayerekeza ndi mgwirizano umene unkatha, osati ndi wa 2015 umene udali pamwamba kwambiri. Aliyense amasankha chaka choyerekezera chimene chikumukomera. Inu nenani poyera kuti mukuyerekeza ndi chaka chiti, ndipo ngati malo alipo perekani zonse ziwiri. Onjezeraninso kuti paundi ya 2015 inkagula zambiri kuposa ya lero, popeza mitengo ya zinthu ku Britain idakwera kwambiri cha m'ma 2022.

Mbiri pang'ono imathandiza wowerenga kuona kutalika kwa ulendo. Ligiyi itayamba mu 1992, mgwirizano woyamba udali wa mapaundi 304 miliyoni pa zaka 5, Sky ikuonetsa masewera 60 pa chaka. Gemu yoyamba imene idaonetsedwa inali ya pa 16 Ogasiti 1992, pamene Nottingham Forest idagonjetsa Liverpool 1-0 ndi chigoli cha Teddy Sheringham. Chiganizo chimodzi chotere chimakwanira. Musasandutse nkhani yanu phunziro la mbiri yakale.

3. Tsatirani kumene ndalama zikupita

Wokonda mpira safuna kwenikweni kudziwa za mabiliyoni, amafuna kudziwa zimene timu yake ipeze. Ndalama za TV za m'dziko la Britain amazigawa chonchi: theka limagawidwa mofanana kwa matimu onse 20, 25 peresenti imatengera malo amene timu yathera pa ligi, 25 peresenti yotsalayo imatengera kuti timuyo yaonetsedwa kangati pa TV. Ndiye kuti Liverpool kapena Arsenal ikamasankhidwa sabata ndi sabata kuti ionetsedwe, thumba lake limanenepa.

Ndalama zochokera kunja kale zinkagawidwa mofanana, koma kuyambira 2019/20 zowonjezera zake zimatengeranso malo a pa ligi. Matimu akuluakulu adalimbikira kusintha kumeneku chifukwa msika wakunja ndi umene ukukula. NBC ya ku America yokha idagwirizana mu 2021 kulipira ndalama zoposa madola 2.7 biliyoni pa zaka 6. Ndalama imene mumalipira pa dekoda yanu mwezi ndi mwezi ili ndi kagawo kake mu mtsinje umenewu.

4. Musasokoneze lonjezo ndi ndalama zolandiridwa

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu 2000 kampani ya ONdigital, imene idadzatchedwa ITV Digital, idalonjeza mapaundi 315 miliyoni pa zaka 3 kuti izionetsa Football League, ligi za pansi pa Premier League. Matimu adayamba kugula osewera ndi kukweza malipiro podalira ndalamazo. Mu 2002 kampaniyo idagwa, ndalama zambiri zisanaperekedwe, ndipo matimu angapo adamira m'ngongole. Mu Sepitembala 2020 Premier League nayo idathetsa mgwirizano wake ndi PPTV ya ku China chifukwa cha ndalama zimene sizidalipiridwe. Choncho lembani kuti "alonjeza" kapena "agwirizana kulipira", osati "alipira", ndipo funsani ngati pali banki kapena kampani yaikulu imene yaikira chikole.

Mbali ina ya phunziro lomweli ndi kudekha. Kumayambiriro kwa Januwale 2024 SuperSport idalengeza kuti sionetsa AFCON ya ku Côte d'Ivoire, chifukwa ufulu udali m'manja mwa New World TV ya ku Togo. Anthu adadandaula, mitu ya nkhani idalembedwa. Kutangotsala masiku ochepa kuti mpikisano uyambe pa 13 Januwale, mbali ziwirizo zidagwirizana ndipo masewera adaonetsedwa. Amene wagula ufulu amatha kugulitsako kwa ena, ndipo zokambirana zotere nthawi zambiri zimatha mphindi yomaliza. Mawu akuti "pakadali pano" angakupulumutseni ku manyazi.

5. Pa chiwerengero cha oonera, funsani kaye kuti wawerenga ndani

Palibe amene amayenda khomo ndi khomo kuwerenga anthu amene akuonera mpira. Ku Britain ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la Barb, limene lidayamba mu 1981. Iwo amasankha mabanja zikwi zingapo oimira mitundu yonse ya anthu m'dzikomo, n'kuika kachipangizo pa TV yawo. Aliyense wa m'banjamo akakhala pansi kuti aonere amadina batani lake. Kuchokera pa mabanja ochepawa amawerengetsa za dziko lonse, monga mayi amalawa supuni imodzi n'kudziwa ngati mchere wakwana mu mphika wonse. Ku America ntchito ngati yomweyi imagwiridwa ndi kampani ya Nielsen.

Njirayi ndi yodalirika pa masewera akuluakulu, koma pa pulogalamu ya oonera ochepa nambala imatha kudumphadumpha chifukwa cha mabanja awiri kapena atatu okha. Dziwaninso kuti nambala imene imatuluka mawa lake m'mawa si yomaliza. Ina imabwera patatha masiku 7, yophatikiza amene adajambula n'kuonera pambuyo pake. Pa mpira kusiyana kumakhala kochepa, popeza ndani amafuna kuonera gemu imene akudziwa kale zigoli zake?

Samalani kwambiri pamene wowerenga ndi mwini malonda yemwe. Mike Tyson atamenyana ndi Jake Paul mu Novembala 2024, Netflix idalengeza kuti pa nthawi ina zipangizo 65 miliyoni zinkaonetsa nkhonyazo pakamodzi. Nambala imeneyi idachokera kwa Netflix yomwe, ndipo ikuwerenga zipangizo, osati anthu. Mungathe kuilemba, bola munene kuti wanena ndi mwini wake.

6. Siyanitsani manambala amene amafanana nkhope

Zikalata zimene mulandire zidzakhala m'Chingerezi, ndipo muli mawu angapo amene mukawasakaniza nkhani yonse yawonongeka.

Average ndi chiwerengero cha anthu amene ankaonera pa mphindi iliyonse mukaphatikiza mphindi zonse za masewera n'kugawa. Iyi ndiyo nambala yoona mtima kwambiri, ndipo ndi imene otsatsa malonda amaiyang'ana. Peak ndi chiwerengero cha pa nthawi imene oonera adachuluka zedi, nthawi zambiri kumapeto kapena pa mapenate. Reach ndi aliyense amene adasuzumirako ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ena amawerenga woonera mphindi 3, FIFA idawerengapo ngakhale wa mphindi imodzi yokha.

Taonani kusiyana kwake. FIFA idalengeza kuti anthu 1.12 biliyoni adaonera fainolo ya World Cup ya 2018 pakati pa France ndi Croatia. Lipoti lomwelo lidati average inali 517 miliyoni. Gemu imodzi, manambala awiri, ina yoposa inzake kawiri. Yoyambayo ikuwerenganso mayi amene adadutsa pabalaza ndi mbale ya ndiwo, n'kuima pang'ono kufunsa kuti akuwina ndani. Mukaika 1.12 biliyoni imeneyi pambali pa 123 miliyoni ya Super Bowl ya 2024, fainolo ya mpira wa Chimereka (American football), mwayerekeza mbuzi ndi nkhuku, chifukwa ya Super Bowl ija ndi average, ndiponso ya dziko limodzi lokha la America.

Za peak, chitsanzo chabwino ndi fainolo ya Euro 2020, imene idaseweredwa pa 11 Julayi 2021 pa Wembley pakati pa England ndi Italy. Oonera ku Britain adafika pafupifupi 31 miliyoni, koma ndi pophatikiza BBC ndi ITV, popeza onse awiri ankaonetsa. Fainolo ya Euro ya amayi ya 2022, England ikugonjetsa Germany, idafika pa 17.4 miliyoni pa BBC One yokha. Onaninso kuti magemu onsewa adali pa mawailesi aulere. Lamulo la ku Britain la 1996 limateteza masewera ena monga World Cup, Euro ya amuna ndi fainolo ya FA Cup kuti asatsekeredwe ku mawailesi olipira okha. Choncho gemu ya pa Sky ikakhala ndi oonera ochepa poyerekeza ndi ya pa BBC, musafulumire kunena kuti anthu atopa ndi ligi. Khomo lina lili ndi wolipiritsa, lina n'lotsegula.

Atsala awiri, rating ndi share. Tiyerekeze mudzi wa nyumba 100 zokhala ndi TV. Usiku wina nyumba 40 zayatsa TV, ndipo 20 mwa izo zikuonera mpira. Rating ndi 20, chifukwa ndi nyumba 20 mwa 100 zonse. Share ndi 50, chifukwa ndi theka la zimene zayatsa. Gemu ya pakati pa usiku imatha kukhala ndi share yaikulu chifukwa choti ena onse agona. Wailesi ikakupatsani share yokha, funsani chifukwa chake yabisa zinazo.

7. Kumbukirani amene sadawerengedwe

Kachipangizo ka Barb kali m'nyumba za anthu, ndiye khamu limene limaonera m'mabala ndi pa masikirini a panja silikhalamo mu 31 miliyoni ija. Nielsen idayamba kuphatikiza oonera kunja kwa nyumba mu 2020, kutanthauza kuti gawo lina la kukwera kwa manambala a ku America kuyambira pamenepo lidabwera ndi kusintha kwa kawerengedwe, osati kuchuluka kwa okonda masewera. Musanalembe kuti mbiri yaswedwa, funsani ngati muyeso ndi womwewo.

Kwathu kuno mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa kwina kulikonse. Dekoda imodzi mu vidiyo sho imaonetsa anthu odzaza chipinda, ena atasuzumira pa zenera. Magetsi akathima madzulo a gemu yaikulu, dera lonse limasamukira kumene kuli jenereta, ena amabwerera ku wailesi yomvera. Winanso akuonera pa foni mpaka bandulo itatha. Choncho wina akakuuzani kuti Amalawi mamiliyoni akuti adaonera gemu ya Bullets ndi Wanderers, kapena tsiku lija Gabadinho Mhango adachinya Morocco ali kutali ndi golo, pa AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022, mufunseni mwaulemu kuti adawerenga bwanji, adafunsa anthu angati, m'maboma ati, ndipo adalipira kafukufukuyo ndani. Akalephera kuyankha, nambalayo isalowe m'nkhani yanu. Chiwerengero cha madekoda si chiwerengero cha oonera, ndipo nambala ya views ya pa Facebook imawerenganso wodutsa amene adangoima masekondi ochepa.

8. Onani amene akupindula ndi nkhani yanu

Ligi imafuna nambala yaikulu kuti idzagulitse modula ulendo wamawa. Wailesi imene yagula imafuna nambala yaikulu kuti ikope otsatsa malonda. Wailesi imene yalephera kugula imanong'oneza atolankhani kuti anzawo alipira mopitirira muyeso. Nthawi ya zokambirana "gwero lodalirika" limene lakuimbirani foni kawirikawiri limakhala likukankhira mtengo mbali yake, ndipo likufuna kugwiritsa ntchito cholembera chanu. Imbirani mbali inayo musanalembe.

Chovuta kwambiri ndi pamene wailesi imene mumagwirako ntchito ndiyo ili ndi ufulu woonetsa ligiyo. Pamenepo kulemba zoti bwalo linali lopanda anthu kapena kuti oyendetsa ligi asokoneza kumakhala ngati kudzitema nkhwangwa pamwendo. Ine ndimati kambiranani ndi mkonzi wanu nkhani isanabuke, ndipo m'nkhanimo muikemo chiganizo chimodzi chodziwitsa wowerenga kuti wailesi yanu ili pa mgwirizano ndi ligiyo. Wowerenga si mwana, akadzazindukira yekha kuti mudabisa sadzakukhulupiriraninso.

9. Tsopano lembani

Ndime yoyamba iyankhe funso la munthu wamba: ndidzaonera kuti, kuyambira liti, ndipo ndilipira zambiri kodi? Mabiliyoni abwere m'ndime yachiwiri, ali ndi zaka zake pambali. Nambala iliyonse ya oonera iyende ndi mayina atatu: amene wawerenga, mtundu wa nambalayo, ndi dziko lake. Pewani kutenga nambala pa tsamba la mnzanu amene naye adaitenga kwa wina. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Pitani pa chikalata cha ligi kapena cha bungwe lowerengalo.

Mukafuna kusintha mapaundi kukhala makwacha, nenani tsiku ndi mtengo umene mwagwiritsa ntchito. Kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangotsala mwezi kuti mgwirizano wa 6.7 biliyoni ulengezedwe. Amene akadayerekeza mgwirizanowu ndi wakale m'makwacha akadapeza kukwera kwakukulu kumene ku London kulibeko. Yerekezani m'mapaundi, makwacha angokhala othandiza kuti wowerenga aone kukula kwake.

Kachenjezo kamodzi musanadine batani lotumizira: kavidiyo ka chigoli kamene mwajambula pa TV ndi foni yanu ndi katundu wa eni ufulu aja. Ali ndi anthu ndi makina ofufuza zimenezi, ndipo tsamba limene mwalimanga zaka zambiri lingatsekedwe tsiku limodzi. Fotokozani chigolicho m'mawu anu, kapena lozerani owerenga ku tsamba la eni ake.

10. Sungani kabuku ka masiku

Tsegulani tsamba limodzi m'kope lanu, mulembemo mgwirizano uliwonse: wogula, dziko, ndalama, zaka, masewera pa chaka, ndi chaka chothera. Wa NBC ukutha mu 2028. Wa Sky ndi TNT Sports ukutha kumapeto kwa 2028/29. Ligi siidikira kuti mgwirizano uthe kaye. Uja woyamba mu Ogasiti 2025 udalengezedwa mu Disembala 2023, ndipo woyamba mu 2016 udalengezedwa mu Febuluwale 2015. Werengani chammbuyo chaka ndi theka kuchokera pa tsiku lothera, ikani chizindikiro pa mwezi umenewo, ndipo ukamayandikira yambani kuimba mafoni.